Mphamvu Yokhululukira Machimo

Chiphunzitso cha Chikhristu n'chakuti wokhululukira machimo ndi Mulungu yekha. Pa Marko 2, Yesu atakhululukira munthu wofa ziwalo ku Kaperenao, alembi anamuyesa wonyoza Mulungu. Iye anamuchiritsa pomwepo posonyeza kuti mphamvuyo ali nayo.

Mipingo imasiyana pomasulira Yohane 20:23. Akatolika amati Yesu anasiyira atumwi udindo wokhululukira machimo, n'kufika kwa ansembe. N'chifukwa chake Mkatolika wa ku Misesa amagwada pamaso pa bambo mfumu n'kuulula chapansipansi, ndipo wansembeyo saloledwa kutulutsa zimene wamva, zivute zitani. Lamulo lolapa kamodzi pachaka linakhazikitsidwa mu 1215. Koma mnansi wa Mkatolika uja, wa CCAP, Sinodi ya Blantyre, amaulula kwa Mulungu m'pemphero. Abusa amangolengeza chikhululukiro.