Pamene maseva a magemu owomberana anali m'manja mwa osewera

Mu 1996 kampani ya id Software ya ku Texas inatulutsa Quake, gemu yowomberana mfuti, ndipo inalola aliyense wokhala ndi kompyuta yolumikizidwa ku intaneti kutsegula seva yakeyake. Mwini sevayo ankasankha malo omenyerana, kuika malamulo ndi kupitikitsa onse ochita chinyengo. Osewera ankabwerera pa seva yomweyo madzulo aliwonse mpaka kudziwana ngati anthu a pabwalo la bawo. Nayo Counter-Strike inabadwira m'chizolowezi chimenechi mu 1999. Minh Le ndi Jess Cliffe anaipanga posintha gemu ya Half-Life, ndipo kampani ya Valve inadzagula Counter-Strike itaona kuchuluka kwa oikonda.

Zinthu zinatembenuka mu 2009 pamene Call of Duty: Modern Warfare 2 inatuluka yopanda mwayi wotsegula seva yakoyako. Osewera pakompyuta anakwiya, ena n'kupanga alterIWnet kuti maseva abwerere m'manja mwawo. Mu 2014 GameSpy, yomwe inkalumikiza osewera ndi maseva, inatsekedwa, ndipo magemu akale ambirimbiri anazima pa intaneti. Okonda Battlefield 2 anaidzutsanso kudzera mu Revive, koma mu 2017 kalata ya Electronic Arts inaimitsa ntchitoyo. Activision inachitanso chimodzimodzi kwa X Labs, gulu lina lotere, mu 2023. Makampaniwa ali ndi lamulo la kukopera kumbali yawo, komabe n'zowawa kuti munthu wogula gemu ndi ndalama zake aletsedwe kuisamalira eni ake ataitaya.

Kuno kwathu nkhaniyi ikukhudza mtunda. Chingwe cha intaneti cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinafika ku Maputo mu 2009, chaka chomwecho maseva a osewera akuyamba kulandidwa. Mnyamata wa ku Fingoé, likulu la boma la Maravia, akawombera mdani pa seva ya ku Ulaya, uthengawo umatha mamilisekondi oposa 150 popita ndi pobwera. Osewera amatcha kuchedwa kumeneku "lag", ndipo wa ku Frankfurt amakhala atawombera kale. Seva yapafupi, ya ku Tete kapena ku Lilongwe, ikanachepetsa vutoli, koma Free Fire ndi PUBG Mobile, magemu oseweredwa pafoni, sapatsa osewera pulogalamu yotsegulira seva. Amangolola gulu kutsegula chipinda chake pa makina a kampani, kulikonse kumene kampaniyo inawaika.