Charles Lwanga ndi Anyamata Ace

M'caka ca 1885 Mwanga, mfumu ya dziko la Buganda, analamula kuti Bishopu James Hannington aphedwe. Joseph Mukasa, mkulu wa anyamata otumikira kubwalo la mfumu, anadzudzula mbuye wace cifukwa ca mwazi umenewo, ndipo pa 15 Novembala anadulidwa mutu. Nchito yosunga anyamatawo inagwera Charles Lwanga, amene anabatizidwa masiku omwewo.

Lwanga anawaphunzitsa mapemphero, nawacinjiriza ku zilakolako zoipa za mfumu. M'mwezi wa Meyi 1886, ataona kuti imfa yayandikira, anabatiza ena mwa iwo usiku, pamodzi ndi Kizito, mwana wa zaka ngati 14. M'mawa mwace mfumu inalamula kuti onse opemphera apatuke. Lwanga anayamba kuimirira, ndipo ophunzira ace anamtsata.

Anawamanga nawayendetsa kufikira ku Namugongo. Kumeneko, pa 3 Juni 1886, Lwanga anatenthedwa payekha, ndipo anzace, Akatolika ndi Aanglikani, anafera pamoto umodzi. Mu 1964 Papa Paul VI analengeza kuti Akatolika 22 a cizunzo cimeneco ndi Oyera.

Anyamata aja anakhoza kupirira moto popeza mphunzitsi wao anawatsogolera pa njira imene anawaphunzitsa.