Kompyuta Yolipira Pa Mita

Lero tikambirana mbiri ya chinthu chimene ambiri a ife timachigwiritsa ntchito osachiona ndi maso. Munthu akatsegula uthenga kapena chithunzi pa intaneti, ntchito yaikulu sichitikira m'lamya ili m'manja mwakeyo ayi. Imachitikira pa makompyuta akuluakulu amene ali m'nyumba zawo kutali, ndipo kaŵirikaŵiri makinawo amakhala alendi: mwini ntchito amalipira molingana ndi mmene waŵagwiritsira ntchito. Tsono funso lathu nali: kodi mchitidwe umenewu udayamba bwanji, nanga udaŵaphunzitsa chiyani anthu olemba mapulogalamu, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imatsata pogwira ntchito?

Tiyambire ku America cha m'ma 1960. Masiku amenewo kompyuta inali chimakina chodzaza chipinda, ndipo mtengo wake unali woopsa. Makina otchedwa IBM 7090 ankagulidwa madola pafupifupi 3 miliyoni, ndipo wofuna kubwereka ankalipira madola opitirira 60,000 pamwezi. Munthu wokhala ndi ntchito ankalemba malangizo ake poboola timabowo pa makhadi, n'kukapereka mpukutu wa makhadiwo kwa woyang'anira makina, kenaka n'kudikira maora ambiri, mwina mpaka m'maŵa mwake. Chilembo chimodzi chikalakwika, ntchito yonse inkayambiranso.

M'chaka cha 1961, pa chikondwerero chakuti sukulu yaukachenjede ya MIT yakwanitsa zaka 100, katswiri wina, John McCarthy, adanena kuti tsiku lina mphamvu ya kompyuta idzagulitsidwa kwa anthu onse monga mmene imagulitsidwira ntchito ya lamya, aliyense n'kumalipira zokhazo zimene wagwiritsa ntchito. Chaka chomwecho mnzake wa pasukulu yomweyo, Fernando Corbató, adaonetsa njira yogaŵana nthaŵi ya kompyuta imodzi. Anthu angapo ankakhala pa makina otayipira, aliyense pa ake, ndipo kompyuta inkatumikira uyu kanthaŵi kochepetsetsa, n'kupita kwa uyo, n'kubwereranso mwaliŵiro kotero kuti aliyense ankayesa kuti makina onse ndi ake yekha.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Pamudzi si banja lililonse limene limagula chigayo. Mmodzi amagula, ena onse amabwera ndi matumba awo n'kulipira pa ndowa iliyonse. Koma aliyense adziŵa kuti wopita kuchigayo ndi chimanga chosapeta amalipirira ndi mankhusu omwe. Phunziro lonse la mbiri yathuyi lagona pamenepa.

Posakhalitsa makampani adayamba kugulitsa nthaŵi ya kompyuta kudzera m'mawaya a lamya. Ena mwa iwo anali General Electric, Tymshare ndi CompuServe, imene idayamba mu 1969 mumzinda wa Columbus ku Ohio. Bilu inkaŵerengedwa patatu: maora amene munthu wakhala wolumikizidwa, masekondi amene makina aŵerengera ntchito yake, ndi kukula kwa malo amene wasungapo zolemba zake. Motero pulogalamu yoyenda mozungulira, yobwereza ntchito imene yachitika kale, inkaonekera poyera mwezi ukatha. Ngakhale ana asukulu adalaŵa zimenezi. Mu 1968 bungwe la amayi a pasukulu ya Lakeside ku Seattle lidasonkha ndalama zogulira ophunzira nthaŵi pa kompyuta ya General Electric. Anyamata aŵiri, Bill Gates ndi Paul Allen, pamodzi ndi anzawo, adakondwa nawo makinawo mwakuti ndalamazo sizidachedwe kutha.

Amene adayesa kukwaniritsa loto la McCarthy mokwanira anali a MIT, General Electric ndi Bell Labs, amene cha m'ma 1964 ndi 1965 adayamba kumanga dongosolo lotchedwa Multics. Cholinga chinali chakuti ligwire ntchito usana ndi usiku osazima, monga magetsi. Koma ntchitoyo idakula, idachedwa, ndipo inkafuna makina okwera mtengo. Mu 1969 a Bell Labs adaisiya. Aŵiri mwa akatswiri awo, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, adatenga nzeru zina za Multics n'kuzipeta bwino, ndipo Thompson adayamba kulemba dongosolo laling'ono pa kamakina kotchedwa PDP-7 kamene kanali kosagwiritsidwa ntchito kwenikweni. Dongosololo ndilo Unix. Multics idafika m'malo pafupifupi 80 okha, ndipo yomaliza idazimitsidwa ku Halifax m'dziko la Canada mu October 2000. Koma Linux, imene idayamba mu 1991 potsata maonekedwe a Unix, ndiyo ikuyendetsa makina ochuluka a intaneti lero lino. Chopepuka chidapitirira, cholemera chidatsalira m'njira.

Komabe tisanamizane kuti kuumira kulikonse n'kwabwino. Pofuna kusunga malo, olemba mapulogalamu a masiku amenewo ankalemba chaka ndi manambala aŵiri okha, 68 m'malo mwa 1968. Chaka cha 2000 chikuyandikira, maboma ndi makampani adawononga ndalama zankhaninkhani kukonza mapulogalamu akalewo, kuopa kuti makina angayese kuti 00 ndi chaka cha 1900. Kusamala kosayang'ana za maŵa ndi ngongole imene amabweza ndi ana.

Kenaka zinthu zidatembenuka. Tizipangizo ta m'kati mwa kompyuta tidayamba kuchepa msinkhu ndi mtengo, mphamvu yake ikuŵirikiza pafupifupi zaka ziŵiri zilizonse, monga adaneneratu Gordon Moore. Apple II idatuluka mu 1977, IBM PC mu 1981, ndipo munthu adatha kukhala ndi kompyuta yakeyake pa tebulo. Wogula chigayo chake saŵerenganso ndowa. Makampani ogulitsa nthaŵi adafooka, mita idaiŵalika, ndipo pamodzi nayo padaiŵalikanso mwambo wopeta. Mu 1995 katswiri wa ku Switzerland, Niklaus Wirth, adadandaula kuti mapulogalamu akunka nachedwa mofulumira kuposa mmene makina akuonjezera liŵiro. Adapereka chitsanzo chakuti pulogalamu yolembera mawu imene zaka 25 m'mbuyomo inkakwana m'malo a zilembo 8,000, tsopano inkafuna malo oŵirikiza ka 100. Ambiri sadasamale, pakuti wolipira kuwononga kumeneko sanali wolemba pulogalamu, koma wogula, amene ankangouzidwa kuti agule makina atsopano.

Mita idabwerera mu 2006. M'mwezi wa August chaka chimenecho kampani ya Amazon idayamba kubwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti pa mtengo wa masenti 10 a dola pa ora limodzi. Google ndi Microsoft adatsatira. Mtengowo ukumveka wochepa, koma tiyeni tiŵerengere limodzi. Chaka chili ndi maora 8,760, ndiye kuti makina amodzi osazima ankadya madola 876 pachaka. Ntchito yofuna makina 100 inkadya madola 87,600. Koma wina akaikonza pulogalamuyo kuti igwire ntchito yomweyo pa makina 50, theka la ndalamazo linkatsala m'thumba chaka ndi chaka. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu 2017 Amazon idayamba kuŵerengera pa sekondi, monga zinkakhalira m'zaka za m'ma 1960.

Makampani aakulu adaliona msanga phunziroli. Mu 2010 a Facebook adalengeza kuti apanga njira yosandutsira mapulogalamu awo kuti aziyenda mopepuka, ndipo adati ntchito ya makina awo idatsika ndi theka. A Dropbox, amene amasungira anthu zolemba ndi zithunzi, ataona kuti lendi yakula, adasamutsira katundu wambiri pa makina awoawo, ndipo mu 2018 adanena kuti m'zaka ziŵiri adapulumutsa madola pafupifupi 75 miliyoni. Apa tikuona kuti kubwereka kumakomera woyamba kumene, amene alibe mpamba wogulira makina. Koma wogaya matumba ochuluka tsiku ndi tsiku amafika podzifunsa ngati si bwino kugula chigayo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife kuno kwathu zikutikhudza pati? Zikutikhudza paŵiri. Poyamba, mnyamata kapena mtsikana wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amene walemba pulogalamu n'kubwereka makina akunja, amalipira m'madola pamene makasitomala ake amam'patsa makwacha. Pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu yotereyi idakwera tsiku limodzi, makina ali omwewo. Mtengo wa dola sangausinthe, koma kulemera kwa pulogalamu yake kuli m'manja mwake. Kachiŵiri, inu omvera amene mumagula bando ya intaneti, tsamba lolemera ndi zosafunika limadya ndalama zanu lisanakuuzeni kanthu.

Motero loto la John McCarthy lidakwaniritsidwa patapita zaka 45, ndipo lidabwera ndi mwambo wake wakale uja. Kumene kuli mita, luso la wolemba pulogalamu limayesedwa ndi bilu ya kumapeto kwa mwezi. Aphunzitsi a m'masukulu athu aukachenjede achita bwino kuphunzitsa ana athu kufunsa mafunso aŵiri pa pulogalamu iliyonse: kodi ikugwira ntchito, nanga ikudya zingati?