Mau a Nkhope Ziwiri

Makolo athu a kunyanja sanali kudziwa mpumiro kapena mpatuliro. Nthano, nyimbo ndi zilapi zinali kuyenda pakamwa, ndipo munthu anali kupumira pamene mpweya wamthera. Koma luso lao lalikulu linali la kuphiphiritsa. Mkazi woimba pamtondo anali kutha kudzudzula mwamuna wace, ngakhale mfumu imene, osachula dzina, ndipo mlandu unali kusowa pogwira.

Luso limeneli silinafe pamene sukulu zinabwera. Jack Mapanje, wobadwa m'caka ca 1944 m'mudzi wa Kadango, m'boma la Mangochi limene pa nthawiyo linali kuchedwa Fort Johnston, analitenga nalilowetsa m'ndakatulo za Cingerezi. Masiku amenewo anali oopsa kwa alembi. Kuyambira 1968 boma la Dr. Banda linali ndi bungwe loyesa mabuku, ndipo buku losakondweretsa akuluakulu linali kuletsedwa. Cotero Mapanje ndi anzace a ku Chancellor College, amene anayamba kusonkhana nawerengerana zolemba zao ca m'ma 1970, anaphunzira kunena za nyama, mbalame ndi mizimu pamene mtima uli pa anthu.

Buku lace loyamba, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981. Taonani dzinalo. Nanzikambe ndi kanyama kosintha maanga, koyenda monga kosafuna kufika, ndiponso m'nthano zathu ndiye anatumidwa ndi uthenga wa moyo nacedwa nao panjira. Mlembi wa masiku aja anayenera kukhala wotero kuti agone kwao.

Ine ndiyesa kuti mwambi ubisa mwini wace kanthawi cabe, pakuti wolamulira akayamba kukayika safunanso umboni. Mu 1985 bukulo linacotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu. Pa 25 September 1987 apolisi anamgwira Mapanje ku Zomba, namtsekera m'ndende ya Mikuyu popanda kumzenga mlandu, ndipo anaturuka mu May 1991.

M'ndendemo akaidi sanali kuloledwa colembera kapena pepala. Ndakatulo zambiri anazipeka m'mutu, nazibwereza kuti asaziiwale, monga momwe agogo ace anali kusungira nyimbo zao. Zina mwa izo zinaturuka mu 1993 m'buku lochedwa The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison.