Miyala Yolembedwa ndi Eni Ace

Ife a kuno ku Mcinji, kumene dzina lace lakale ndilo Fort Manning, tidziwa kuti malire a pa pepala salingana ndi malire a makolo, pakuti abale athu ena ali ku Cipata, kupitirira Mwami. Cifukwa cace mlandu wa mapiri a Congoni ku Dedza suli wacilendo kwa ife.

M'mapanga a mapiriwo muli malo 127 a zithunzi zolembedwa pa miyala. Zofiira anazilemba Akafula, anthu osaka nyama amene anakhalamo kale lomwe. Zoyera anazilemba Acewa: zina anamkungwi, pakulangiza anamwali, zina amuna a Nyau, amene anabisala m'menemo masiku aja Amishoni ndi Boma anatsutsa gule wao.

Caka ca 1924 Boma la Angerezi linalamula kuti Congoni akhale nkhalango ya Boma. Koma midzi inalimo kale, ndipo mu 1928 ndi 1930 anakonzanso malire kuti midziyo itsale kunja. Anthu atacuruka, nasowa minda, analowanso ndi makasu. Pamenepo Boma linabwezanso malire mu 1961 ndi 1965. Mu 1969 mapanga a Cencherere anayesedwa cuma ca dziko lonse, ndipo alendo analoledwa kudzaona. Mu 2006 bungwe la UNESCO linawerenga Congoni pamodzi ndi malo omveka a dziko lapansi.

Tsono mlandu uli apa. Boma liti, Tikaleka kuletsa, mitengo idzatha ndi nkhwangwa, ndipo zithunzi zidzafafanizika ndi utsi ndi makala a anyamata olemba maina ao. Mau awa ngoona. Eni dziko nawo ati, Zithunzi izi ndizo mwambo wa amai athu, wosayenera maso a munthu ali yense. Nanga bwanji mlendo alowa ndi ufulu, ndipo mdzukulu wa wolembayo ayamba wapempha? Awanso sanama.

Abale, ife tiona cinthu cimodzi. Lamulo likhoza kusunga mwala, koma tanthauzo lace alisunga ndiwo nkhalamba za m'mudzi. Ndipo mlonda wa Boma sakhoza kugona pa phanga liri lonse. Munthu sasamala munda umene anamlanda. Boma likafuna kuti miyalayi ikhalitse, likhale pa bwalo limodzi ndi mafumu ndi anamkungwi lisanalembe malire. Ifenso tilangize ana athu kuti dzanja lao lisaipse cimene dzanja la agogo linalemba.