Mpikisano wa x86 ndi Arm: chomwe chimachititsa kuti pulogalamu ikane kompyuta ina

MZUZU: Makompyuta ndi lamya za m'manja zomwe anthu akugwiritsa ntchito mumzinda wa Mzuzu zimayendera mitundu iwiri ikuluikulu ya purosesa, kachipangizo komwe kamawerenga ndi kutsata malangizo a pulogalamu. Mtundu uliwonse uli ndi malangizo akeake, choncho pulogalamu yomwe inakonzedwera mtundu umodzi imakana kugwira ntchito pa mtundu winawo pokhapokha itakonzedwanso.

Mtundu woyamba ndi x86, omwe unayamba ndi purosesa ya 8086 yomwe kampani ya Intel ya ku America inatulutsa m'chaka cha 1978. Mtunduwu unatchuka kuchokera m'chaka cha 1981 pomwe kampani ya IBM inauyika m'makompyuta ake. Pakadali pano makampani a Intel ndi AMD ndi omwe amapanga mapurosesa amenewa, ndipo amapezeka m'makompyuta ambiri a m'maofesi.

Wachiwiri ndi Arm, omwe unapangidwa ndi kampani ya Acorn Computers mumzinda wa Cambridge ku Mangalande m'chaka cha 1985. Mtunduwu sudya magetsi ambiri, n'chifukwa chake pafupifupi lamya zonse zamakono za Itel, Tecno ndi Samsung zimayendera Arm.

Mitundu yonse iwiri ikupezeka m'masukulu a m'chigawo cha kumpoto. M'chaka cha 2016, bungwe la The Turing Trust la ku Scotland, mogwirizana ndi la Centre for Youth and Development la ku Mzuzu, linayamba kupereka m'masukulu makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito, omwe ndi a x86. Koma m'chaka cha 2018 mabungwewa anatsegula SolarBerry ku Choma, kufupi ndi Mzuzu, chomwe ndi chipinda chophunziriramo chopangidwa ndi kontena ndipo chimayendera mphamvu ya dzuwa. M'chipindamo anaikamo timakompyuta ta Raspberry Pi, tomwe ndi ta Arm, kaamba koti sititha mabatire msanga.

Izi zikutanthauza kuti pulogalamu yakale ya Windows yomwe mphunzitsi amagwiritsa ntchito pasukulu ya m'tauni singaikidwe chabe pa Raspberry Pi.

Pali njira zitatu zothanirana ndi vutoli. Yoyamba ndi kumanganso pulogalamuyo kuti ikhale ya mtundu uliwonse. Linux, yomwe Linus Torvalds anayambitsa m'chaka cha 1991 pa purosesa ya Intel, tsopano imagwira ntchito pa x86 ndi Arm pomwe, chifukwa aliyense ali ndi ufulu woikonzanso.

Njira yachiwiri ndi kulemba pulogalamu yosadalira purosesa. Chitsanzo ndi Kolibri, pulogalamu yophunzitsira yomwe bungwe la The Turing Trust limagwiritsa ntchito m'masukulu a m'dziko muno. Ophunzira amaitsegula pa browser popanda intaneti, kaya ndi pa kompyuta ya x86 kapena ya Arm.

Yachitatu ndi kumasulira malangizo a mtundu umodzi kuti mtundu winawo uwamve. Kampani ya Apple itasiya Intel n'kuyamba Arm m'chaka cha 2020, inaika pulogalamu yomasulira yotchedwa Rosetta 2 pofuna kuti makasitomala asataye mapulogalamu awo akale.

Kampani ya Microsoft inaluza ndalama zambiri chifukwa chosowa njira yotereyi. Windows RT, yomwe inatuluka m'chaka cha 2012 pa Arm, sinkalandira mapulogalamu akale a Windows, ndipo m'chaka cha 2013 kampaniyi inalengeza kuti yataya ndalama zokwana madola 900 miliyoni pa makompyuta a Surface RT omwe sanayende malonda.

Mpikisanowu ukukulirakulirabe. RISC-V, mtundu omwe unayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley m'chaka cha 2010, ndi wololedwa kwa kampani iliyonse popanda kulipira chiphaso.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri masukulu odalira makompyuta akale. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pomwe Windows 11 imakana mapurosesa ambiri akale a x86. Sukulu yomwe maphunziro ake ali pa Linux ndi Kolibri ingathe kupitiriza kugwiritsa ntchito makompyuta omwewo, ndipo ikadzalandira ena a Arm sidzafunika kuyambanso kusonkhanitsa zophunzitsira.