Giza ndi Thanki ya Madzi Ofufuma m'Nyumba za ku Birmingham

Giza ndi thanki yotenthetsa ndi kusunga madzi osamba ndi otsukira. M'nyumba za ku Birmingham ndi madera ena a West Midlands, giza imakhala ya mkuwa kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo kunja kwake amaikuta ndi zinthu zosunga kutentha. M'kati mwake muli paipi yopindapinda momwe mumadutsa madzi otentha ochokera ku boyila ya gasi. Magiza ambiri alinso ndi chitsulo cha magetsi cha 3 kW chothandiza boyila ikafa. Madzi amasungidwa pa madigiri 60 kuti tizilombo ta Legionella tisaswane.

Madzi akatentha amafufuma, ndipo sapanikizika ngati mpweya. Malita 200 akafika pa madigiri 60 amawonjezeka ndi malita pafupifupi 3. Funso lonse la thanki ya madzi ofufuma lagona pa malita amenewa: apita kuti?

Yankho limatengera mtundu wa giza. Nyumba zakale zambiri zili ndi giza yotseguka, imene imalandira madzi kuchokera ku thanki ina ya kudenga. Madzi akafufuma amabwerera m'mwamba, ndipo paipi yopumira imathera pamwamba pa thanki ya kudengayo. Pamenepa thanki yapadera siifunika. Boyila ya combi, monga zomwe imapanga kampani ya Worcester Bosch mu mzinda wa Worcester, siisunga madzi osamba, ndipo kathanki kake ka madzi otenthetsa nyumba kamabwera kali kale m'kati.

Nkhani imasintha pa giza yotsekeka, yomwe inaloledwa ku Britain m'zaka za m'ma 1980. Iyi imalumikizidwa ku paipi ya madzi a mumzinda, ndipo valavu imaletsa madzi kubwerera kumene achokera. Apa malo olandira madzi ofufuma ndi ofunika ndithu, si chinthu choti mwininyumba asankhe. Thanki ya madzi ofufumayo ndi yachitsulo, yaing'ono, ndipo m'kati mwake aigawa pawiri ndi mphira: mbali ina madzi, mbali ina mpweya wopopedwa pafupifupi 3 bar. Madzi akafufuma amakankha mphirayo, akazizira mpweya umawabweza. Magiza ena, monga Megaflo, amasunga mpweyawo m'kati mwa giza momwemo, choncho thanki ya kunja siioneka.

Mpweya ukatha kapena mphira ikang'ambika, valavu yotetezera imayamba kutaya madzi kudzera pa kafanulo kotchedwa tundish. Anthu ambiri obwereka nyumba amaona kudontha kumeneku n'kumati ndi mmene giza imakhalira. Ayi, giza yabwinobwino siidontha pamenepo, ndipo kutseka paipi yotayira madziwo n'koopsa kwambiri.

Madzi a ku Birmingham amachokera ku Elan Valley ku Wales kuyambira mu 1904, ndipo amayenda makilomita oposa 110 kukafika ku Frankley. Ndi madzi opanda laimu wambiri, kotero magiza a mumzindawu satha msanga chifukwa cha laimu ngati a madera ena a England. Komabe ubwino wa madziwo suteteza mphira kuti isakalambe.

Malamulo a zomangamanga a ku England, gawo la G3, amafuna kuti giza yotsekeka iikidwe ndi mmisiri wodziwa ntchitoyo, ndipo wokonza boyila ya gasi akhale wolembetsedwa ku Gas Safe Register. Opanga magiza amalangiza kuti thanki ndi mavalavu ziziyesedwa kamodzi pachaka.